Dzanja Limene Linkathyola Pensulo

Mphunzitsi mnzanga, pa maphunziro a kaphunzitsidwe ka akuluakulu tinaphunzira zambiri: kuyamba ndi mawu amene ophunzira amawadziwa kale, kuwagawa m'maphatikizo, kukambirana chithunzi tisanagwire choko. Zonsezi n'zothandiza ndithu. Koma pali vuto lina limene ndinakumana nalo m'kalasi ndisanalikonzekere, vuto la dzanja la wophunzira likauma ndi mantha. Ndikufuna ndikufotokozereni mmene ndinalizindikirira, chifukwa ndikukhulupirira kuti nanunso muli nalo m'kalasi mwanu.

Chaka china ndinkaphunzitsa sukulu ya kwacha imene inkakumana masana, ana a pulayimale akaweruka. Pakati pa ophunzira panali mayi wina wamkulu kuposa ine, mlimi wamphamvu, woti akagwira khasu achinyamata amatsala m'mbuyo. Anabwera ndi cholinga chimodzi basi. Anali atatopa kudinda chala ku banki m'khonde pamene anzawo akusaina mayina. Koma tsiku lililonse ankathyola nsonga ya pensulo kangapo, ndipo lezala yathu yosongolera inkangokhala m'manja mwawo. Pepala linkabooka. Akalemba zilembo zitatu ankaika pensulo pansi n'kuyamba kugwedeza mkono.

Tsiku lina tikuweruka anandiimitsa pakhomo. "Aphunzitsi, mkonowu ukumapweteka mpaka m'khosi. Mwina ndi nyamakazi. Sukuluyi ndi ya ana, ife inatipitirira." Ndinadziwa kuti amenewa ndi mawu otsanzika. Munthu wamkulu sanena kuti ndasiya, amangosowa.

Ndinawapempha kuti abwerenso kamodzi kokha. Atabwera ndinakhala pambali pawo, ndipo m'malo moyang'ana kope ndinayang'ana iwo. Mapewa anali atakwera kufika m'makutu, mano atalumana, zala zitafinya pensulo ngati wina akufuna kuwalanda. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti sankapuma mpweya. Ankaugwira kuyambira pamene pensulo yakhudza pepala mpaka chilembo chitatha, kenaka n'kutulutsa wonse kuti fuu! Nditadziyang'ana ndekha ndinapeza kuti nanenso ndaugwira mpweya, khosi langa lauma gwaa. Apa m'pamene ndinayamba kumvetsa chifukwa chake madzulo ambiri ndinkafika kunyumba mutu ukundipweteka cha kunkhongo.

Chimene chimachitika ndi ichi. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo kupuma kumakhala kofulumira ndi kwapamwamba, kwa pachifuwa pokha. Izi zimatithandiza tikakumana ndi njoka panjira. Vuto n'lakuti thupi silisiyanitsa njoka ndi bolodi. Kwa munthu amene anasekedwapo ali mwana chifukwa cholephera kuwerenga, pepala loyera ndi loopsa. Mnofu ukakhala wokungika nthawi yaitali umatopa n'kuyamba kuwawa, ululuwo umawonjezera mantha, manthawo n'kukungitsanso mnofu. Dokotala wina wa ku England, Grantly Dick-Read, anafotokoza za kuzungulira kumeneku m'zaka za m'ma 1930 poona amayi amene akubereka, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Fernand Lamaze anayamba kuphunzitsa amayi oyembekezera ku France kapumidwe kowathandiza pa nthawi ya matenda.

Mtima sitingaulamule kuti uchepetse liwiro, koma kupuma tingakulamule, ndipo khomo lathu ndi limeneli. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopingasa umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Tikakoka mpweya bwino, mnofuwu umatsika ndipo mimba imatukuka. Munthu wamkulu akangokhala amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Akachepetsa dala kufika pa ka 6, makamaka akamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsempha wotchedwa vagus, umene umachokera ku ubongo kupita ku mtima ndi m'mimba, umachititsa kuti mtima ubweze liwiro. Herbert Benson, dokotala wa mtima wa ku Harvard, analemba buku mu 1975 lofotokoza kuti thupi lili ndi njira yake yodzikhazikitsira pansi, ndipo munthu angathe kuidzutsa mwadala. Kale mu 1929 Edmund Jacobson, wa ku Americanso, anali atalemba za njira yokunga mnofu mwadala kenaka n'kuumasula, kuti munthu aphunzire kusiyanitsa mnofu wokungika ndi womasuka. Ambirife timayenda titakungika osadziwa.

Mayi aja sindinawauze mayina onsewa. Ndinangoti, "Amayi, tayambani mwaika pensulo pansi. Ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mpaka dzanjalo litukuke, kenaka muutulutse pakamwa ngati mukuuzira phala la mwana." Anayesa kawiri, n'kuyamba kuseka. "Aaa, si zimene amatiuza anamwino zija tikamachira? Ndiye kulemba kwasanduka kubereka, eti?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo ndinaona mapewa ambiri akutsika. Nzeruyi amayi anali nayo kale, kungoti palibe amene anawauzapo kuti imagwiranso ntchito pa kope.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba phunziro lililonse ndi mphindi zitatu izi. Tonse timakhala pansi, mapazi ataponda bwino, dzanja limodzi pamimba. Timakoka mpweya ndi mphuno ine ndikuwerenga kufika pa 4, n'kuutulutsa pakamwa ndikuwerenga kufika pa 6. Timatero kasanu. Kenaka timafumbata zibakera mwamphamvu kufika pa 5, n'kuzimasula, manja ali lende pamaondo, kufika pa 10. Timakweza mapewa kufika m'makutu n'kuwasiya agwe okha. Pomaliza timalekanitsa mano kuti nsagwada zimasuke. Tikatero m'pamene timagwira pensulo, ndipo ndimawakumbutsa kuti polemba chilembo azitulutsa mpweya, osaugwira. Pakapita masabata angapo kuwerenga kuja ndimakusiyira ophunzira kuti azisinthana, motero masamu ayambira pomwepo.

Pali zinthu zina zimene ndinaphunzira nditalakwitsa. Poyamba ndinkauza onse kuti atsinzine, koma ena sanamasuke nazo, ndipo bambo wina anandifunsa ngati ndikuwalowetsa m'mapemphero a mpingo wina. Tsopano ndimafotokoza poyera kuti iyi ndi nkhani ya minofu ndi mapapo, ndipo amene safuna kutsinzina angoyang'ana pansi. Tsiku lina mtsikana wina anachita chizungulire chifukwa ankakoka mpweya wambiri mofulumira pofuna kundisangalatsa. Kupuma mothamanga chotere kumachotsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka m'magazi, n'chifukwa chake mutu umazungulira ndipo zala zimachita dzanzi. Cholinga chathu ndi kupuma modekha, osati kudzaza chifuwa. Wina akamva chizungulire asiye, apume mwa masiku onse. Ngati kuwerenga kufika pa 6 kukumuvuta, ayambe ndi 3 pokoka ndi 4 potulutsa.

Chinanso, ndipo ichi musachiiwale: ife si madokotala. Kupuma kotere kumachepetsa ululu wobwera chifukwa cha kukungika, ndipo kumathandiza munthu kupirira ululu wina, koma sikuchiza matenda. Wophunzira akamadandaula kupweteka pachifuwa, kubanika, chifuwa chimene chatha masabata awiri, mutu waukulu wobwera ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi, kapena mkono umene wachita dzanzi mwadzidzidzi, mutumizeni kuchipatala msanga. Wa mphumu kapena wothamanga magazi asasiye mankhwala ake poti waphunzira kupuma. Muyang'anenso zinthu zapafupi: mwina benchi ndi lalifupi kwambiri kwa munthu wamkulu, mwina m'chipindamo muli mdima, mwina maso ake akufunika magalasi. Munthu amene akuwerama kuti aone bwino adzamvabe khosi ngakhale apume chotani.

Mayi aja sanasiye sukulu. Sindikunamizani kuti ululu wonse unatha. Zala zawo zinkawawabe m'mfundo nthawi yozizira, ndipo ndinawalimbikitsa kukaonana ndi achipatala. Koma kupweteka kwa mkono wonse mpaka m'khosi kunachepa kwambiri, lezala inayamba kufikanso kwa anzawo, ndipo zilembo zitatu zija zinasanduka mzere wathunthu. Patapita miyezi ingapo anabwera m'kalasi akumwetulira. Anati atapatsidwa buku ku banki m'khonde manja anayamba kunjenjemera anthu onse akuwayang'ana. "Ndiye ndinangoti, dikirani kaye ndiuzire phala." Anauzira kawiri, n'kulemba dzina lawo lonse.

M'Chichewa mawu oti kupuma ali ndi matanthauzo awiri, kupuma mpweya ndi kupuma pa ntchito. Aphunzitsife zonse ziwiri zimatisowa. Timachoka kumunda kapena kuntchito ina n'kuthamangira kukalasi, m'mutu muli ngongole ndi matenda a kunyumba, ndipo ophunzira amatengera kuuma kwathu tisanayankhule n'komwe. Masiku ano ndisanalowe m'kalasi ndimaima kaye panja n'kupuma kasanu mwa njira ija. Mutu wa kunkhongo uja umabwerabe, koma mwa apo ndi apo.

Ndikupempheni ntchito imodzi. Pa phunziro lanu lotsatira, sankhani wophunzira amene amavutika kwambiri kulemba. Khalani pambali pake, ndipo kwa mphindi imodzi musayang'ane kope lake. Yang'anani mapewa, nsagwada ndi chifuwa chake, kenaka mudziyang'ane nokha. Lembani zimene mwaona m'kope lanu, ndipo mukakumana ndi aphunzitsi anzanu a m'dera lanu mukakambirane.