Mitsuko ya pa Kasupe

Mudzi uliwonse uli ndi madzi ake. Wina uli ndi mtsinje, wina citsime, wina kasupe. Makolo athu asanazike mtengo wa nyumba, ankayamba afunsa kumene kuli madzi. Ncifukwa cake mbiri ya mudzi imayendera limodzi ndi mbiri ya madzi ake. Ine kwathu ndi ku Chipera, m'boma la Marávia. Ndifuna kukuuzani za akasupe a m'cigwa ca Zambezi ndi za anthu amene akhala akutungapo.

Akasupe ambiri amatulutsa madzi ozizira. Koma alipo ena otulutsa madzi otentha, omveka mcere m'kamwa, onunkha ngati dzira lowola. Akasupe otere timati mawira, pakuti madzi ake amabwata ngati ali mu mphika. Pansi pake palibe amene akusonkha moto. Madziwo ndi mvula yomwe ija. Imalowa m'ming'alu ya miyala ndi kutsikira pansi kwambiri. Kunsi kwa nthaka nkotentha: pa kilomita iliyonse imene madzi atsika, kutentha kumakwera ndi madigiri 25 kapena 30. Madzi akatentha kumeneko amakweranso podzera m'ming'alu ina. Pobwera amasungunula mcere ndi sulufule za m'miyala. Ndiye mukafika pa mawira mudzaona miyala itayera mbuu.

Kumtunda kwa mzinda wa Tete, ca ku Boroma, kuli mawira pa kamtsinje ka Nyaondo. M'caka ca 1856 David Livingstone anafika pamenepo. Anayeza madziwo napeza kuti afika pafupifupi madigiri 70. Kumbukirani kuti madzi a pamoto amawira akafika madigiri 100. Ku Malawi, ku Nkhotakota, kuli malo dzina lake Mawira, kumene anthu amasamba ndi kucapa zovala. Ku Zambia, pa msewu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Lusaka, kuli mawira a Chinyunyu. Amenewa ndinawaona ndi maso anga. M'mawa wa nyengo yozizira nthunzi yake imafuka ngati utsi wa lupsa. Anthu amacokera kutali kudzasamba, makamaka okalamba omva kuphwanya m'thupi. Koma mwana asaponde pa diso la kasupe wotere, angapse. Ndiponso wodwala kwambiri asadalire kusamba kokha, apite ku cipatala.

Livingstone analemba dzina la kamtsinje ndi kutentha kwa madzi, napitirira ulendo wake. Paja mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Womudziwa bwino kasupe ndi amene amatungapo tsiku ndi tsiku.

Agogo anga aakazi anali munthu wotere. Mudzi wawo unali m'munsi, pafupi ndi gombe lakale la Zambezi. Kasupe wa pamudzipo sanali wotentha ngati wa Nyaondo. Anali wofunda cabe, wa kamcere pang'ono, ndipo sankaphwa ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Amayi ankakonda kutunga pamenepo cifukwa ku mtsinje kunali ng'ona. Mbuzi ndi nyama za m'thengo zinkabwera kudzanyambita dothi loyera la m'mbali mwake. Dothi lomwelo amayi ankalikokola, kulithira madzi, kulisefa, ndi kuphika madziwo mpaka mcere utatsalira mu mphika. Mcerewo ankasinthanitsa ndi mapira kapena nkhuku.

Agogo sankadziwa kulemba, koma anali ndi kalembera wawo. Ankandiuza kuti, “Mdzukulu wanga, ukafuna kudziwa ngati mudzi ukukula, usavutitse amfumu. Ulawirire ku kasupe mbandakuca, ukawerenge mitsuko.” Mtsuko uliwonse unali khomo limodzi. Mtsuko watsopano unkatanthauza kuti mtsikana wakwatiwa ndipo mkamwini wamanga nyumba. Mtsuko wosowa unkatanthauza maliro kapena msamuko. Pa moyo wa agogo mitsuko ija inacepa katatu.

Koyamba inacepa cifukwa ca msonkho ndi cibalo. Dziko lino ndi la Amaravi kuyambira kale, ndipo dzina lakuti Marávia linacokera kwa iwo. Mfumu Undi inali ndi likulu lake ku Mano, kuno kumpoto kwa Zambezi, ndipo inkalamulira Acewa ndi Ansenga ambiri. Apwitikizi atalimbitsa ulamuliro wawo anayamba kuwerenga anthu. Sankawerenga kuti amange sukulu. Ankafuna kudziwa okhoma msonkho ndi amuna oyenera kugwidwa cibalo. Anthu akamva kuti olemba maina akubwera, anyamata ankagona m'phiri. Mabanja ena anawoloka malire kupita ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia. M'zaka za m'ma 1930 Undi yemwe anasamukira kumeneko. Ncifukwa cake mwambo wa Kulamba umacitikira ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa Ogasiti, ndipo Acewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakumana komweko.

Kaciwiri mitsuko inacepa cifukwa ca nkhondo ndi damu. M'caka ca 1968 nkhondo yomenyera ufulu inakula kuno ku Tete. Boma la atsamunda linasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda, imene ankati aldeamento. M'caka ca 1969 nchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba ku Songo. Khoma lake ndi lalitali mamita 171. Anthu oposa 25,000 anacotsedwa m'cigwa kuti madzi apeze malo. Ifenso tinasamutsidwa, ine ndili kamwana. Agogo anasenza mtsuko wawo wopanda madzi, ndipo njira yonse sanayankhule.

Mu Disembala 1974 damu linatsekedwa ndipo madzi anayamba kukwera. Anamiza madimba a m'mbali mwa mtsinje, kumene anthu ankakolola cimanga kawiri pa caka. Anamiza misawu, manda a makolo, ndi kasupe wa agogo. Nyanja imene mukuiona lero inatambalala makilomita pafupifupi 250, kucokera ku Songo mpaka kufupi ndi Zumbo. Asodzi amapalasa bwato pamwamba pa midzi imene sinalembedwe m'buku lililonse. Ine ndimakhulupirira kuti kasupe uja akutumphukabe pansi pa nyanjayo, koma palibe wotungapo.

Pa 25 Juni 1975 dziko lathu linalandira ufulu. Kalembera woyamba wa dziko laufulu anacitika mu 1980, ndipo anapeza anthu oposa 12 miliyoni. Koma mtendere sunakhalitse. Nkhondo ya paciweniweni inafika, ndipo mitsuko inacepa kacitatu. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ambiri a kuno ku Marávia tinathawira ku Zambia. Mu 1987 anatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, m'boma la Petauke, ndipo tinakhala kumeneko. Madzi tinkatunga pa mjigo, pamzere wautali wa anthu a midzi yosiyanasiyana. Agogo anayesa kuwerenga mitsuko, koma sanadziwe eni ake. Anamwalirira komweko. Manda a amayi awo ali pansi pa nyanja, manda awo ali m'dziko la eni.

Pa 4 Okutobala 1992 pangano la mtendere linasainidwa ku Roma. Ife tinabwerera mu 1994. Tinapeza minda itasanduka thengo, njira zitatsekeka ndi udzu. Tinayambanso kudula mitengo ndi kufolera nyumba.

Mu 1997 kunacitika kalembera waciwiri. Ine ndinali nditayamba uphunzitsi, ndipo ndinali mmodzi wa oyenda khomo ndi khomo. Pa khomo lina mkulu wina anandilandira bwino, nandiyalira mphasa. Anachula akazi ake ndi ana aakazi, kenaka anakhala cete. Koma kuseri kwa nkhokwe ndinkaona mapazi a anyamata awiri.

“Aphunzitsi,” anatero mkuluyo, “mukawalemba anawa, muwatengera kuti?”

“Sitiwatengera kwina kulikonse, bambo,” ndinayankha. “Tikufuna boma lidziwe kuti pano pali anthu. Mukawabisa, pomanga sukulu adzati kuno kulibe ana. Pokumba mjigo adzati kuno kulibe akumwa madzi.”

Mkuluyo anayang'ana pansi nthawi yaitali. Iye anaona cibalo, anaona mpanda, anaonanso anyamata akutengedwa ku nkhondo. Mantha ake sanali acabe. Potsiriza anawaitana ana aja ndi maina awo, ndipo ndinawalemba.

Kalembera ameneyo anapeza anthu oposa 50,000 m'boma lonse la Marávia. Wa mu 2007 anapeza oposa 80,000. Wa mu 2017 anapeza kuti dziko lonse la Mozambique linali ndi anthu pafupifupi 28 miliyoni. Ena mwa oonjezerekawo ndi ana obadwa mumtendere. Ena ndi obwera, okokedwa ndi madzi omwe aja amene anatithamangitsa. Kapenta anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika ndi kuthiridwa ku Kariba mu 1967 ndi 1968. Kucokera kumeneko anatsika ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa. Kuyambira zaka za m'ma 1990 nyali za asodzi a kapenta zimawala usiku panyanja, ndipo m'magombe mwamera timidzi tatsopano.

Lero pa mjigo simuonanso mitsuko yambiri. Pali zigubu zacikasu za malita 20, ndipo khomo limodzi limatha kubweretsa zitatu. Kuwerenga kwa agogo sikungathekenso. Kalembera wa boma ndiye atiuze kuculuka kwathu, ndipo akabwera musabise munthu, ngakhale khanda lobadwa dzulo.

Koma nambala siinena kumene munthu anacokera. Siinena kasupe amene agogo ake ankatungapo, kapena njira imene anathawira. Zimenezi zili m'mitu ya okalamba, ndipo okalamba amene anaona cigwa cisanamire atsala ocepa. Inu mukudziwa kulemba Cinyanja. Madzulo ano khalani pafupi ndi agogo anu, muwafunse dzina la mudzi wawo wakale, dzina la amfumu, ndi madzi amene ankamwa. Mulembe m'kope monga momwe akunenera, ndipo mawa mubwere nalo ku sukulu.

Mafunso

1. Kodi madzi a pa mawira amatentha cifukwa ciani?
2. Agogo a mlembi ankadziwa bwanji kuti mudzi ukukula?
3. Chulani zinthu zitatu zimene zinacepetsa anthu m'mudzi wawo.
4. Ncifukwa ciani mkulu uja anabisa ana ake aamuna?
5. Kodi kwanu mumatunga kuti madzi? Nanga makolo anu ankatunga kuti?