Mabwato Atatu a Atsibweni

Atsibweni anga anali ndi nyumba imodzi, mkazi mmodzi, malaya awiri, koma mabwato atatu. Kwathu kwa Khombedza anthu ankawaseka, amvekere, kodi munthu mmodzi angapalase mabwato atatu nthawi imodzi? Iwo sankayankha. M'bandakucha ankangotsikira kudooko, n'kuima chete kuyang'ana kum'mawa, kenaka n'kuloza bwato loti tikankhe tsiku limenelo.

Bwato lililonse linali ndi dzina lake. Loyamba linali Kalulu, laling'ono, losemedwa kuchokera ku msangu. Linali lopepuka moti ine ndi msuweni wanga tinkatha kulikokera kumtunda tili awiri. Limeneli linali la masiku a bata, la mbedza ndi lolowa nalo m'mabango. Lachiwiri linali Mkamwini, ati poti limagwira ntchito zonse popanda woliyamika. Ndilo linkatenga matchera nthawi ya dzinja, pamene mpoto umabwera ndi mvula mwadzidzidzi, ndiponso m'mamawa mwa Okutobala pamene vuma amakankhira mafunde afupiafupi kugombe kwathu. Lachitatu linali Gogo, la mbawa, lalitali, lakuya, lamphuno yokwera. Polikankha pankafunika amuna anayi. Gogo ankagona pamthunzi miyezi yambiri, akungodya phula ndi zigamba za malata, kudikira mwera.

Amene simunakhaleko kunyanja mwina mumayesa mwera ndi kamphepo kozizira ka mu Juni kamene kamakufunditsani bulangete. Kunyanja mwera ndi chilombo. Umachokera kummwera chakum'mawa, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ukalusa umatha masiku angapo osapuma. Akuluakulu sanaiwale za Vipya, sitima yachitsulo imene inamira kumpoto kwa nyanjayi pa 30 Julaye 1946 n'kupha anthu 145. Tsono ngati chitsulo chinagonja, nanga chipika cha msangu?

Tsiku lina ndinawafunsa: "Atsibweni, bwanji osangosunga Gogo yekha, poti ndiye wamphamvu?"

"Iwe mphwanga," anatero, "Gogo pa bata ndi katundu, ungathyoke naye msana osapha kanthu. Kalulu pa mwera ndi bokosi la maliro. Nyanjayi dzina ndi limodzi, koma nyanja zilipo zambiri."

Mau a akuluakulu amakoma akagonera. Ine sanandikomere msanga.

Atsibweni anamwalira mu 1991. Mwa mwambo wathu katundu wao anagwera ine mphwao, osati mwana wao wobala. Nthawi imeneyo n'kuti ndili ku sekondale, fizi itavuta. Ndinaitana akubanja n'kuwawerengera masamu a m'kalasi: msodzi watsala mmodzi, ndiye msuweni wangayo, mabwato alipo atatu, awiri ndi ndalama zongogona pamchenga. Palibe ananditsutsa, poti wophunzira ndinali ine. Gogo anagulidwa ndi munthu wa ku Chikombe amene ankafuna bwato lowolokera ku chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa mu Epulo. Mkamwini anapita cha ku Senga Bay. Msuweni ndinamusiyira Kalulu, ndipo ndinadziyesa wachifundo, popeza ndilo linali latsopano.

Chaka chotsatira, 1992, kunali chilala chachikulu. M'nkhokwe munalibe kanthu, ndipo munthu wanjala sasankha tsiku. Mu Julaye msuweni anakatchera kutali ndi Kalulu, mwera n'kumupeza akuonjola. Funde loyamba linadzaza bwato, lachiwiri linaligadabuza. Anagona atakakamira chipikacho usiku wonse kufikira anthu a boti la injini atamutola kutacha. Matchera onse a atsibweni anatsala pansi pa nyanja. Uthenga unandipeza kusukulu nditakhuta nsima ya nyemba yolipiridwa ndi Gogo. Msuweni sanandinene kanthu. Anawedza m'maboti a eni kwa zaka zingapo, kenaka anakwera basi ya ku Joni.

Tinadzaonananso mu 2018 ku Cape Town, kumene amagwira ntchito yosamala maluwa. Amakhala ku Capricorn, kumene kuli Amalawi ambiri, kufupi ndi gombe la Muizenberg. Lamulungu masana ananditengera kugombeko kukaona anthu a masewera okwera mafunde. Munthu amagona chafufumimba pa thabwa, n'kupalasa ndi manja, funde likamunyamula n'kuimirira, kutsetsereka nalo mpaka kumtunda. Ine ndinaseka, ndati awa ndi masewera a anthu okhuta.

Msuweni sanaseke. Anati abwana ake ali ndi matabwa oterewa angapo m'garaja, ndipo iye ndiye amawatsuka. Anayamba kundilongosolera ngati mmene atsibweni ankachitira. Lalitali, la mapazi 9 kapena kuposa, lotakata ndi lamphuno yobulungira, ndi la mafunde aang'ono oyenda pang'onopang'ono monga a pa Muizenberg pomwepo. Limayandama bwino ndipo ophunzira amayambira pamenepo. Lalifupi, la mapazi ngati 6, ndi la mafunde othamanga, oima chilili, ofuna kukhota msanga. Ndiye pali lina lalitali koma lowonda, losongoka uku ndi uku, limene limangokhala pakhoma chaka chonse kudikira zimafunde za nthawi yozizira pamalo otchedwa Dungeons, kufupi ndi Hout Bay. M'mawa uliwonse abwanawo amayamba aona mphepo, kenaka ndi pamene amasankha thabwa.

"Lowondalo ndi Gogo," anatero, maso ali kunyanja.

Ndinafuna kupepesa, koma zaka 26 zinandiuma pakhosi. Ndinangoti, "Asuweni, mukadzabwerera kumudzi ndidzakusemetserani lina la mbawa."

"Mbawa yake muitenga kuti?" anandifunsa.

Ananena zoona. Mbawa yokwana bwato ngati Gogo imafuna zaka makumi angapo kuti ikule, ndipo m'mitsinje ya kwathu zikuluzikuluzo zinatha. Amisiri a kasemasema lero amasema mango ndi bulugamu, ndipo amene ali ndi ndalama amakhomeretsa boti la matabwa. Anyamata ambiri ali ndi bwato limodzi la mphepo zonse; mwera ukaomba amakhala pamtunda ndi njala, apo ayi amalowa n'kusiya zonse m'manja mwa Chauta. Sikuti sadziwa nyanja kuposa ine. Kudziwa kusankha n'kwachabe ngati palibe chosankha, ndipo m'banja mwathu amene anachotsa chosankhacho ndi ine, ndi masamu anga olondola aja.

Tikunyamuka, kamphepo kochokera kummwera chakum'mawa kanayamba kuulutsa mchenga. Msuweni anaima, nakweza mphuno monga ankachitira bambo ake.

"Mwera wao uwu," anatero. "Lero Kalulu sakadalowa."