Ndinatuluka ku Namuseche, lero ndine wowotcherera

Ndaima pano kuyamika Mulungu, ndipo sindibisa kanthu. Ku Chipata kuno akangoti "uja anali ku Namuseche", nkhani yatha, aliyense wamva. Ine ndine mmodzi wa anthu otuluka m'ndende imeneyo.

Chilango changa ndinachigwira chonse, koma nditabwerera kwathu ku Nabvutika chinachita ngati chayambiranso. Ganyu yokumba chimbudzi ankandipatsa, koma ntchito yolowa m'nyumba ya munthu ayi. Kukasowa kanthu, ngakhale nkhuku, maso onse kwa ine. Amayi anga okha ndiwo ankandiuza kuti, "Mwanawe, limba mtima, kumene kuja usabwerereko."

Mu 2016 boma linasintha dzina la Zambia Prisons Service kukhala Zambia Correctional Service, kusonyeza kuti ndende ndi malo okonzera munthu. Zabwino ndithu. Koma wokonzedwayo akatuluka pageti opanda luso, opanda ndi ngwee yomwe m'thumba, mawa adya chiyani?

Amene ananditsegula maso ndi mkulu wina wa mpingo. Anandifotokozera kuti mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iliyonse, ndipo zina mwa izo ndi zolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Ndinati, "Abambo, zimenezo si za ife omangidwa." Iwo sanalimbane nane. Anangondiperekeza kukatenga fomu ku komiti ya chitukuko ya m'wodi mwathu. Dzina langa litatuluka, amayi analira poyera. Ndinakaphunzira kuwotcherera zitsulo pasukulu yovomerezeka ndi bungwe la TEVETA, boma likulipira.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Satifiketi siwotcherera chitsulo. Makina ndinalibe, choncho ndinayamba ngati wothandizira kwa mmisiri wina wachikulire amene anandilandira akudziwa mbiri yanga. Kenaka mu 2024 madzi anachepa ku damu la Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Akayaka pakati pa usiku tinkadzuka n'kugwira ntchito mpaka atazimanso. Ndalama inkabwera yochepa, mayesero ali pakhomo, koma Mulungu anandigwira dzanja. Lero ndili ndi makina angaanga. Anthu aja ankakhoma zitseko ndikamadutsa ndi amene akubwera kuti ndiwaikire zitsulo za m'mawindo.

Ena amadandaula kuti msonkho wawo ukuphunzitsa mbava. Ndikuwamva. Komatu nsima imene mkaidi amadya m'ndende imachokera ku msonkho womwewo, ndipo akabwererako mumulipiriranso.

Inu a makomiti a m'mawodi, musadikire kuti otuluka m'ndende abwere okha, manyazi amawatsekera m'nyumba. Pitani mukawauze za mafomu asanatuluke. Ndipo amene wamaliza maphunziro muzimuganizirako pa zipangizo zoyambira ntchito.