Gulugufe wa Mwendo Umodzi

Amayi anzanga a kuno ku Chigwa cha Shire, sabata ino ndakutengerani mbiri ya mtsikana wa ku Cape Town, m'dziko la South Africa, dzina lake Natalie du Toit, katswiri wa mpikisano wosambira.

Mwa masambiridwe onse, otopetsa kwambiri ndi aja amatchedwa gulugufe. Manja onse awiri amatuluka pamwamba pa madzi nthawi imodzi ngati mapiko, pamene miyendo ikumenya madzi pamodzi ngati chipsepse cha nsomba. Tsono taganizani munthu wa mwendo umodzi kupambana pa masambiridwe oterewa!

Natalie anabadwa mu 1984, ndipo ali ndi zaka 14 anaimira kale dziko lake ku masewera a Commonwealth ku Kuala Lumpur. Koma mu February 2001 galimoto inamuomba ali pa njinga yamoto, akuchokera kosambira, ndipo madokotala anamudula mwendo wamanzere pabondo. Patangopita miyezi yochepa anabwerera m'madzi, osavala mwendo wopanga. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Pa masewera a Paralympics, amene ndi a anthu olumala, iye anapata mendulo ya golide pa gulugufe wa mamita 100 katatu motsatizana: ku Athens mu 2004, ku Beijing mu 2008 ndi ku London mu 2012. Mendulo zake zonse za golide kumeneko zinakwana 13. Mu 2008 momwemo anapikisananso ndi anzake a miyendo iwiri pa Olympics, nasambira makilomita 10, ndipo anakhala wa nambala 16. Anapuma pa mpikisano mu 2012.

Chandilembetsa nkhaniyi ndi ichi. Poyendera magulu athu a amayi ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, ndaona atsikana amene ng'ona ya mu Shire kapena ngozi ya pamsewu inawasiya ndi chiwalo chimodzi. Ambiri timawasiyitsa sukulu, n'kuwakhazika pakhonde kuti azisenda nandolo ndi kulondera nyumba. Timati tikuwamvera chisoni, komatu chisoni chotere chimapha nzeru za mwana kuposa mano a ng'ona.

Sindikunena kuti mukaponye ana mumtsinje ayi. Shire si malo a masewera. Ndikunena kuti Natalie anataya mwendo wokha, koma luso limene anaphunzira ali wamng'ono linatsala, ndipo sanatsekeredwe m'nyumba. Kodi mwana wanuyo asanavulale ankakonda chiyani? Masamu, kusoka, kuimba m'kwaya? M'bwezereni komweko.

Pamsonkhano wanu ukubwerawu, werengani atsikana olumala a m'mudzi mwanu amene sali pasukulu. Kenaka awiriawiri mukacheze ndi makolo awo mwaulemu, mukaonanenso ndi aphunzitsi aakulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsalani bwino, amayi.