Habu ikakana kuchoka pa shafti

Mwini galimoto akamafika pagalaja atanyamula beringi yatsopano m'manja, amakhala atawerengera kale kuti ntchitoyo ndi ya ola limodzi. Nthawi zambiri salakwitsa. Pa Corolla kapena Probox, ukachotsa tayala, kumasula nati yaikulu ya pakati, n'kuchotsa kalipa ndi disiki ya buleki, shafti imayenera kubwerera m'kati ukangoikankha ndi chala chachikulu. Kumapeto kwa shaftiko kuli timano tatitali timene timalowa m'timizere ta m'kati mwa habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, ndipo mphamvu ya injini imadutsa pa timano timeneti kuti tayala lizungulire. Koma pali masiku ena ukankha, shafti ili nji! Ukankhanso ndi chikhatho chonse, osasuntha. Pamenepo ndimaika sipanala pansi n'kumuuza mwini wake kuti, "Bwana, ngati muli ndi kopita, kakwereni minibasi. Galimotoyi mwina igona kuno."

Chagwira pamenepo ndi dzimbiri. Pakati pa timano ta shafti ndi timizere ta habu pali kampata kochepa kwambiri, kosaoneka ndi maso, koma madzi amalowamo. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye likamera m'kampata koteroko limathinitsa zitsulo ziwirizo mpaka kukhala chinthu chimodzi. Galimoto zambiri zimene timagwira kuno zinayendapo kale kunja. Zina zimachokera ku Japan, kutsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zina ku UK. M'madera ozizira a maiko amenewo amawaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umakangamira kunsi kwa galimoto. Ya ku UK ndimaizindikira ndikangogona pansi pake: pamwamba penti ikuwala, kunsi manati onse ali psuu. Ikafika kuno timaonjezera zathu, matope a dzinja, timitsinje todutsa pamsewu, ndi anyamata otsuka galimoto omwe amathira madzi m'mawilo tsiku lililonse.

Chimene chimandiwawa pa ntchito imeneyi ndi hamala. Mnyamata wophunzira akaona kuti shafti yakana, dzanja limathamangira ku hamala yaikulu lokha, ndipo amakaniko ena okhwima m'ntchito amachitanso chimodzimodzi. Chitsulo cha kumapeto kwa shafti chikamenyedwa chimaphwathalala n'kutambasuka ngati bowa. Zikatero, ngakhale dzimbiri litagonja, mutu wotambasukawo sungadutsenso m'bowo la habu, ndipo mazinga amene nati imayendamo aphwanyika. Si pokhapo. Kumbuyo kwa habu kuli CV joint, ndipo m'kati mwake muli timipira tachitsulo toyenda m'tinjira tosalala. Nkhonya iliyonse ya hamala imakathera pa timipira timeneti. Galimoto imatuluka pagalaja ili bwinobwino, koma pakapita milungu ingapo imayamba kulira kuti kete kete kete pokhota. Munthu anabwera kudzasintha beringi yokha, akubwereranso kudzagula shafti, osadziwa kuti inathyokera m'manja mwa amene anamulipira. Ndiye mnyamata wanga akangotola hamala ndimamuuza, "Iwe, bweza imeneyo. Tenga burashi."

Ndimayamba ndi nati. Ya Corolla imafuna soketi ya mamilimita 30 ya makona 12, ndipo mlomo wake amaupindira m'kangalande ka pa shafti kuti isamasuke yokha. Mlomo umenewo umayenera kuwongoledwa kaye ndi kachizulo kakang'ono. Ukakakamiza nati usanauwongole, imapala mazinga potuluka. Wina amaponda buleki, ine n'kumasula. Kenako ndimapala dzimbiri lonse looneka ndi burashi ya waya, n'kupopera mafuta omasulira manati, monga WD-40, mozungulira pamene shafti yakumana ndi habu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndimazunguza habu pang'ono kuti mafutawo afike mbali zonse. Anzanga ena amathira buleki fuluwidi. Ine sindiikonda chifukwa ikadonthera pa penti imaisupula. Ndikatero ndimapita kukagwira galimoto ina. Mafutawo amayenda pang'onopang'ono m'dzimbiri, ndipo palibe njira yowafulumizitsira.

Ndikabwerako ndimamanga pula. Pula yoyenera apa ndi ija imamangidwa pa mabawuti a tayala ndi manati ake omwe, ndipo bawuti yake yaikulu ya pakati imakhala pa kadzenje kamene kali pamutu pa shafti. Pula ya miyendo itatu, yokola m'mphepete mwa habu, ndimaikana. Imapinda mbale ya habu pang'ono, mosaoneka, koma disiki ikadzakhalapo imayenda mopendama ndipo woyendetsa amamva buleki ikugunda kuphazi. Ndimamanga bawuti ya pula mpaka italimba, n'kugogoda pamutu pake kawiri katatu, osati mwaukali. Ndimamanganso pang'ono, kupopera mafuta, n'kuisiya ili chokoka choncho. Ngati pakufunika kugogoda shafti yeniyeniyo, ndimabwezera nati yakale mpaka ifanane ndi mutu wa shafti, n'kuikapo chitsulo chofewa cha mkuwa, kuti chophwanyika chikhale mkuwawo.

Apa khutu limagwira ntchito kuposa dzanja. Zitsulo zikadali zogwirana, ukagogoda zimalira mokweza, ngwee, ndipo hamala imadumpha kubwerera. Dzimbiri likayamba kusweka kulirako kumasintha, kumamveka kogonthera, phu. Ukayang'anitsitsa mozungulira shafti umaona mafuta aja akutuluka atasanduka ofiirira, ndipo m'kati mwa bowo la habu mumaoneka kamzere ka chitsulo kamene kanali kobisika, kopyapyala kosaposa chikhadabo. Kamzere kameneko ndi kamene ndimadikira tsiku lonse. Ndikakaona sindipitiriza kukankha. Ndimamasula pula, kupoperamo mafuta ena, kukokera shafti kunja ndi nati yakale ija, n'kuikankhanso. Kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka, ulendo uliwonse ikupita patali pang'ono, mpaka imadzatuluka ndi dzanja.

Zikakanika ndiye timabweretsa moto wa gasi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, choncho chofunika kutenthetsa ndi khosi la habu, lomwe lili kunja, kuti bowo likule. Ukatenthetsa shafti ndiye kuti waithinitsa kwambiri. Beringi yakale ikapsa palibe kanthu, ikukatayidwa kale. Zoteteza ndi zina: sensa ya ABS ndimaichotsa, paipi ya buleki ndimaikolowekera kutali, buti ya labala ya CV joint ndimaikulunga ndi chiguduli chonyowa, ndipo mafuta onse aja ndimawapukuta chifukwa amayaka. Moto uziyenda mozungulira, usaime malo amodzi, ndipo chitsulo chisafike pofiira. Habu imene yafiira ndi moto sindiibwezera pagalimoto ya munthu, chifukwa kulimba kwake kwasintha. Galimoto zina nakulo yake, chitsulo chimene beringi imakhalamo, ndi ya aluminiyamu. Ameneyu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660 osafiira n'komwe, ndiye sachenjeza, umangoona wagwa.

Moto ukalephera timachotsa nakulo yonse pamodzi ndi shafti, kutchera beseni pansi pa giyabokosi kuti oyilo asatayike, n'kupita nazo ku pulesi. Pulesi ya matani 20 imakankha mowongoka, mosagwedeza, chimene hamala singathe. Luso lili pa kutchinjiriza: zitsulo zochirikiza zikhale pansi pa habu, pafupi ndi khosi lake, osati pa makutu a nakulo, chifukwa nakulo ikapindika tayala lidzadya mbali imodzi mpaka kalekale. Munthu asaime kutsogolo kwa pulesi. Shafti yogwira zedi simasuka mwaulemu, imaphulika kuti phaa! pansi n'kunjenjemera. Mayi wina amene anaumirira kuti aone ntchito yonse anagwira pamtima n'kufunsa, "Amakaniko, mwathyola?" Ndinawayankha, "Ayi mayi, yamasuka imeneyo."

Ilipo ina imene imakana ngakhale pulesi. Pamenepo sindilimbana nayo. Ndimamuuza mwini wake kuti akafune nakulo ndi shafti zochotsedwa ku galimoto ina, ku Biwi ngati ali ku Lilongwe kapena ku Limbe ngati ali ku Blantyre. Zimatuluka zotsika mtengo kuposa kuononga tsiku lina n'kumaliza ndi zitsulo zopindika.

Shafti ikachoka, nkhondo yatsala ina yaing'ono. Pokankha habu kuti ituluke m'beringi, theka la mphete ya m'kati mwa beringi limatsalira pa khosi la habu. Ndimalicheka ndi galayinda mopingasa, osafika pa habu, kenako kuika chizulo mu mng'aluwo n'kumenya kamodzi. Chitsulo cha beringi n'cholimba koma n'chosapindika, chimasweka n'kuthetheka, ndiye magalasi otchinga maso asachoke. Mphete ikachoka ndimayendetsa chala pa khosi la habu. Ndikamva kakhwawa kapena ndikaona kuti lasintha mtundu n'kuda mobiriwira, ndiye kuti mpheteyo inkazungulira pamenepo, ndipo beringi yatsopano siikagwira. Habu yotere isinthidwe.

Kuika yatsopano n'kosavuta kwa wodziwa kumene mphamvu ikudutsa. Polowetsa beringi m'nakulo, pulesi ikankhe mphete ya kunja yokha. Polowetsa habu, mphete ya m'kati ichirikizidwe pansi. Ukasemphanitsa, mphamvu imadutsa pa timipira ta m'beringi n'kuononga tinjira take, ndipo beringi yogula lero imayamba kulira mwezi usanathe, kaya ndi ya Koyo, NSK kapena SKF. Kawaya kozungulira kotchinga beringi kabwerere m'ngalande yake. Pa galimoto zina, mbali imodzi ya beringi ili ndi maginito amene sensa ya ABS imawerenga. Mbali imeneyo iyang'ane ku sensa, apo ayi nyale ya ABS siizima. Nati ikhale yatsopano, ndipo imangidwe galimoto isanatsike pa jeke, chifukwa nati imeneyi ndi imene imagwirizanitsa mphete ziwiri za m'kati mwa beringi. Ya Corolla buku lake limati 216 Nm. Zoika paipi yaitali pa sipanala munthu n'kudumphirapo si muyeso.

Ndisanabwezere shafti ndimatsuka timano take limodzilimodzi ndi burashi mpaka tiwale, n'kupakapo girizi pang'ono, pa timano pokha osati pa mazinga. Zimatenga mphindi zisanu. Mwini galimoto saziona ndipo salipira, koma makaniko amene adzatsegule pamenepo zaka zikubwerazi adzakankha ndi chala shafti n'kutuluka.

Inu eni galimoto, mukamva kulira kwa wuuu kumene kumakula galimoto ikamathamanga n'kusintha mukamakhota, musadikire kuti tayala liyambe kugwedera. Beringi yotha imatentha, ndipo kutenthako kumaononga habu imene ikanapulumuka. Mukafika pagalaja, yang'anani mutu wa shafti nati ikangochoka, mudzauyang'anenso asanamange yatsopano. Ndipo makaniko akakuuzani kuti galimoto igone kuti mafuta alowe, isiyeni igone.