Bwato la pa Luangwa: mtengo umodzi, nkhwangwa na kasemasema

Ku Katete, Sinda na Vubwi mitsinje yambiri imaphwa ikafika Okutobala, ndiye mwana wakumeneko amadziwa ngolo ya ng'ombe kuposa bwato. Koma kwerani basi pa Great East Road, mudutse Petauke na Nyimba, mukatsike pa Luangwa Bridge, mlatho wa 1968 womwe uli pamalire a Eastern na Lusaka. Ambiri timangogula nsomba zouma na madengu n'kuthamangira mpando. Ulendo uno suzumirani kumadzi. Zina mwa nsomba zija zimafika pamsika na bwato la mtengo umodzi chabe.

Wosema amayamba n'kusankha mtengo wonenepa, wowongoka, wopanda mphako. Mvunguti ndi wofewa, susautsa kusema koma suchedwa kuwola. Mchenja ndi wolimba, umatopetsa manja koma umakhalitsa. Akaugwetsa na nkhwangwa amachotsa makungwa, kusalaza pamwamba, n'kusongola kutsogolo kuti lizing'amba madzi. Kenako kasemasema amalowa m'kati, pang'onopang'ono, kwa masabata. Apa m'pomwe pali luso: amagogoda m'mbali n'kumvetsera kulira kwa mtengo. Mbali ikapyapyala kwambiri, bwato ling'aluka. Mbali imodzi ikalemera, lipendekeka, ndipo mu Luangwa kugudubuzika si masewera, muli ng'ona na mvuu. Likatha, anthu amalikoka pamodzi mpaka kumadzi. Likayamba kudontha amamata na phula.

Anzanga a ku Katete, luso ili si lachilendo kwa imwe. Mtondo wa amayi kumudzi, na ng'oma zomwe zimalira pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, zonse amasema motero: chipika chimodzi, kuchikumba m'kati.

Vuto manje ndi mitengo. Malasha omwe timaphikira mu komboni akudya nkhalango, ndipo mtengo wokwana bwato umatenga zaka makumi kuti ukule. Lamulo la Forests Act la 2015 lifuna chilolezo munthu asanadule mitengo yochitira malonda. Mitengo ikulu ikatha, wosema alibe chophunzitsira mwana wake.

Mukafuna kukwera, kambanani mtengo na mwini bwato muli pamtunda, khalani pansi pakatikati, manja m'kati. Selfie yoimirira musayese, mwandi. Wopalasa nkhafi akati musagwedezeke, mverani.