Tsitsi Langa Linali Lalitali, Ine Osadziwa

Ndine mmodzi wa amayi a tsitsi la mzindo, lolimba, lopotana kwambiri, lija loti ukangolichapa limakhwinyata n'kubwerera kumutu. Chilekereni kuthira mankhwala ofewetsa ndakhala ndikulilukitsa, kulimanga ndi ulusi, kapena kungolibisa m'wigi, ndipo mumtima ndinali nditavomereza kuti langa ndi la mtundu wosakula. Maganizo amenewa anatha Loweruka lina m'mwezi wa June, pamene msuweni wanga wamng'ono anatulukira kwathu ku Chilomoni atanyamula simbi yowongolera tsitsi, ija kusaluni amati flat iron. Kuchokera tsiku limenelo pakamwa panga sipachoka nkhani ya kachipangizoka.

Ukakaona sungakayese kanthu. Ndi timikono tiwiri tolumikizana kumapeto, m'kati mwake muli timbale tiwiri tosalala totentha ndi magetsi, pambali pali kabatani kosankhira madigiri. Ine ndinkafuna tiyambe pomwepo, koma mwini wake anakana.

"Achemwali, simbi ndi yomalizira," anatero. "Tiyambe ndi madzi."

Anandichapa m'mutu kawiri ndi shampu mpaka mafuta onse a sabata yonse atachoka. Anapaka conditioner, n'kundisiya kanthawi nditavala jumbo kumutu, kenako n'kutsukuluza. Tsitsi analigawa panayi, chigawo chilichonse n'kuchipopera mankhwala oteteza ku kutentha, n'kuyamba kuumitsa ndi draya uku akupesa kuchokera kunsonga kupita kutsinde. Ntchito imeneyi inatenga nthawi yaitali kuposa kuwongola kwenikweniko. Ankabwereza kulowetsa zala mpaka pakhungu kufufuza ngati pali pena pozizirira, chifukwa pozizira ndiye kuti mukadali madzi.

Kenako anayambira kunkhongo. Anatapa katsitsi kochepa kwambiri, kopyapyala moti ukakakweza ukhoza kuona kuwala kukudutsa. Analowetsa kachipeso ka mano othithikana pafupi ndi khungu, simbi n'kugwira kumbuyo kwa chipesocho, ziwirizi n'kumatsikira limodzi pang'onopang'ono, chipeso patsogolo simbi pambuyo, osaima paliponse. Ndinamva kutentha kukudutsa m'khosi. Atafika kunsonga anatenga katsitsi kaja n'kukadutsitsa paphewa langa kuti ndikaone.

Kanapitirira phewa. Kanagona pachifuwa, kakuda bii, kosalala see, kakadali kofunda. Ndinakagwira, n'kukakoka pang'ono kuti ndimve kumutu ngati n'kangadi. Tsitsi lomwe m'mawa womwewo silinkafika n'komwe pansi pa khutu! Ndinakhala duu pampando, kalilole ali m'manja, ndikuonerera mzere uliwonse ukutsika. Atamaliza ndinapukusa mutu, tsitsi n'kundikhudza m'masaya ndi m'khosi, n'kubwerera m'malo mwake lokha. Chibadwire ndinali ndisanamvepo tsitsi langalanga likuyenda chotero. Lofewetsa ndi mankhwala linkawongoka, inde, koma linkakhala lopyapyala, logona pamutu mopanda moyo. Ili linali lodzadza m'manja koma lopepuka, ndipo linkanyezimira popanda dontho la mafuta.

Kunyezimirako n'kumene kunandichititsa kufuna kudziwa chimene chimachitika. Tsitsi lililonse lakutidwa ndi timamba tating'onoting'ono tosanjikizana ngati mamba a chambo. Likakhala lopotana, kuwala kumamwazikana pa kona iliyonse, n'chifukwa chake limaoneka lotuwa ngakhale lili labwinobwino. Simbi ikadutsa, tsitsi limakhala njira imodzi, timamba tija timagona, kuwala n'kumabwerera m'maso mwa woliona. M'kati mwake, tsitsi linapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, yomweyo imene imapanga zikhadabo. Timaulusi ta keratin timagwirana m'njira zingapo. Pali mfundo zofooka, za hydrogen, zimene zimamasuka ndi madzi kapena kutentha n'kumangikanso tsitsi likauma ndi kuzizira. Palinso mfundo zolimba, za sulfur, zimene madzi sangazimasule. Simbi yogwiritsidwa bwino ntchito imasewera ndi zofookazo basi: imazimasula, tsitsi limawongoka, zimamangikanso lili chiwongokere. Mankhwala ofewetsa, amene ambiri mwa iwo amakhala ndi sodium hydroxide kapena mankhwala ena aukali wofanana nawo, amadula zolimbazo, ndipo zikaduka zaduka.

Apa m'pamene mtima wanga unagwira. Amene anathirapo mankhwala akudziwa kukhala pampando kumutu kukuyaka, iwe n'kumapirira kuti "agwire bwino", mawa lake n'kudzuka ndi nkhanambo zomata tsitsi kukhungu. Ndinazipirira zaka zambiri. Mu 2022 ofufuza a bungwe la National Institutes of Health ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000, zosonyeza kuti amene ankagwiritsa ntchito mankhwala owongolera tsitsi pafupipafupi ankapezeka ndi khansa ya m'chiberekero mochuluka, kuposa kawiri poyerekeza ndi amene sankawagwiritsa ntchito. Ofufuzawo sananene kuti atsimikiza kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa matendawa, koma kwa ine zinali zokwanira kundilimbitsa mtima kuti ndisabwerereko. Chimene ndinkachisowa chinali njira yoti tsiku la ukwati kapena la chinkhoswe ndioneke ndi tsitsi lowongoka popanda kusainira moyo wonse.

Kuwotcha tsitsi si kwachilendo kwa ife. Ndili mwana ndinkaona azakhali anga akuika chipeso chachitsulo pambaula, n'kuchipukuta pansanza, n'kumachidutsitsa m'tsitsi lopakidwa Vaseline, utsi uli tolotolo, wowotchedwayo atapinda khutu ndi chala. Fungo lake ndimalikumbukabe. Luso lotenthetsa chitsulo pokonza tsitsi linatchuka ku Paris m'zaka za m'ma 1870 ndi wokonza tsitsi wina dzina lake Marcel Grateau. Mu 1909 Isaac Shero wa ku America analembetsa kuboma chipangizo cha zitsulo ziwiri zotenthetsa zopanira tsitsi, chomwe ndi kholo la simbi ya lero. Chipeso chamoto chinafala pakati pa amayi akuda a ku America kudzera mwa anthu ngati Madam C.J. Walker, amene anamwalira mu 1919 atalemera ndi malonda a mankhwala a tsitsi. Chimene azakhali analibe, chomwe ine ndili nacho, ndi nambala. Iwo ankayesa moto ndi maso ndi nsanza. Ine ndimauona pa kabatani.

Ndipo nambalayo ndiyo nkhani yonse. Simbi zambiri zimafika madigiri 230, ndipo kutentha kumeneko kuli pafupi kwambiri ndi pamene keratin imayamba kupsa n'kuwonongekeratu. Kampani ya ghd, yomwe inayamba ku Leeds ku England mu 2001, simbi zake inaziika pa madigiri 185 osapereka mwayi wokweza, ponena kuti pamenepo m'pokwanira. Msuweni wanga anandiwongola chapomwepo, ndipo tsitsi langa, ndi kulimba kwake konse, linamvera. La mankhwala, lopaka utoto, kapena lopyapyala mwachibadwa limafuna moto wocheperapo. Chinsinsi chili pa kutapa pang'ono ndi kudutsa kamodzi. Ukatapa lambiri, lam'kati silimva moto, ndiye umabwereza katatu kanayi, lakunja n'kumapsa. Ukapanikiza simbi patsitsi lonyowa ndiye zoopsa zenizeni: madzi amawira pa madigiri 100, ndiye amene ali m'kati mwa tsitsi amasanduka nthunzi n'kutupitsa timatuza m'katimo, tsitsi n'kumathothoka poduka. Mukamva kuti tsiii simbi ikagwira, imani, bwererani ku draya. Mafuta olemera nawonso asungeni, mudzapake kadontho kunsonga mutamaliza; kuwapaka musanawongole n'kukazinga tsitsi.

Ndikunena zimenezi mwamphamvu chifukwa ndimachikonda chipangizochi ndipo sindifuna wina achidane nacho. Tsitsi lopsa silichira. Limakhala lowongoka mwaulesi ngakhale ulichape, ndipo mankhwala ake ndi sizasi basi. Poti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kupsereza la m'mapewa ndi kutaya ntchito ya zaka ziwiri kapena kuposerapo m'madzulo amodzi. N'chifukwa chake sindiona nzeru yoyatsa simbi sabata iliyonse, ngakhale mtima umafuna. Ndi ya apo ndi apo, pakakhala chochitika, kapena pofuna kudula nsonga zogawanika, zomwe zimaonekera bwino tsitsi likawongoka.

Masiku otsatira ndinaphunzira kuliyang'anira. Usiku ndinkalipesa mozungulira mutu wonse mbali imodzi, n'kumanga duku loterera la satini, chifukwa la thonje limamwa chinyezi cha tsitsi n'kulikwinya. Posamba ndinkavala kachipewa kapulasitiki pamwamba pa dukulo. M'mawa ndikamasula, linkagwa lokha. Kutchalitchi mayi wina wachikulire anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti wigi yokongola chonchi ndinagula kuti, ndipo nditamuuza kuti ndi langa anapempha kuti aligwire. Ndinawerama, iye n'kusisita pamutu panga akumwetulira. Ndinasangalala kwambiri.

Amene amakhala ku Blantyre akudziwa chimene chimabwera m'miyezi ya June ndi July. M'mawa wina kunacha ndi chiperoni, nkhungu itaphimba phiri la Michiru, kamvula kowaza kakungoti waa. Pofika pokwerera minibasi nsonga zinali zitayamba kufufuma, ndipo pofika madzulo m'tsinde munali mutabwerera mafunde. Chinyezi cha mumpweya chokhacho chimakwanira kumasula mfundo za hydrogen zija. Choncho wofuna kuti likhalitse asankhe masiku ouma; nyengo ya dzinja, kapena kunyanja kotentha kochititsa thukuta, simbi siichedwa kugonja.

Koma ndikuuzeni zoona, tsiku lochapa ndi limene linandimaliza. Ndinaima m'bafa mtima uli m'mwamba, n'kuthira kapu yoyamba ya madzi ofunda. Pansi pa zala zanga ndinamva tsitsi likudzuka, likupindika, likukwera. Pofika kapu yachitatu mzindo wanga unali utabwerera wonse, wopotana monga kale, osasowapo ndi pamodzi pomwe. Ndinaseka ndekha mokweza. Kuwongoka kuja ndinachita kubwereka, ndipo ndabweza popanda ngongole. Tsopano ndikaliona litakhwinyata pamwamba pa makutu sindidandaulanso, chifukwa ndikudziwa utali umene labisa.

Ndagula yangayanga. Amene mukufuna kutero, funani ya timbale ta ceramic, chifukwa timatentha mofanana ponseponse ndipo timakhululukira wophunzira. Ta titanium timatentha msanga kwambiri, n'toyenera manja ozolowera. Ikhale yosonyeza madigiri, isakhale yongoyatsa ndi kuzimitsa. Ngati ndi ya pakaunjika kapena yotumizidwa ndi abale a kunja, werengani kalembedwe kali pachogwirira: magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene ku America ndi 120, ndiye yolembedwa 120 yokha ipsa mukangoilumikiza. Za mayunitsi musade nkhawa kwambiri, wakudya magetsi ndi draya, simbi imadya pang'ono. Tsiku loyamba pezani mnzanu wokugwirirani kunkhongo, yambani ndi moto wochepa, muyese pa katsitsi kamodzi kobisika. Ndipo mukamaliza zulani pulagi n'kuika simbiyo pamwamba poti mwana sangafike, chifukwa timbale take timakhalabe totentha kwa mphindi zambiri itazimitsidwa kale.